Mbozi zopinda masamba a bondwe ndi delele: chochita musanathamangire kukagula mankhwala

Mvula ikangoyamba kuno ku Lusaka, cha mu November kupita December, aliyense amene ali ndi kamalo kuseri kwa nyumba amafesa bondwe, ena delele, ena sipinachi, ndipo sipatenga nthawi mumayamba kuona masamba ena apindika, ena amatana awiri awiri, ena atsala mitsempha yokha yokha. Ambiri akangoona zimenezi amakwera basi kupita mu town kwa ma agro dealer nkukanena kuti ndipatseni mankhwala amphamvu. Ine ndikupemphani abale anga, muyambe mwatsegula tsamba limodzi kaye. Mbozi imene ikuchita zimenezi imakhala mkati mwa tsamba lopindalo, mankhwala opopera pamwamba nthawi zambiri saifika bwino, koma ndiwo zomwezo ndi zimene mawa tithyola nkuphikira ana. Ndiye tiyeni tiyende nazo pang'ono pang'ono kuyambira pa kuzindikira.

Choyamba, dziwani kuti mukulimbana ndi ndani

Pitani ku dimba mmamawa dzuwa lisanakwere, tengani tsamba la bondwe limene lapindika kapena lamatana ndi linzake, litseguleni pang'onopang'ono dzanja lina mutatchera pansi pake. Muona ulusi woyera wopyapyala ngati wa kangaude umene wagwira tsambalo, tuzitosi takuda tating'ono, ndi kambozi kobiriwira konyezimira pang'ono kokhala ndi mzere wakuda pamsana. Kakakula kamafika pafupifupi masentimita 2. Mukakakhudza kamadzipotokola mwachangu kwambiri nkugwa pansi, nchifukwa chake ndati dzanja lina likhale pansi, apo ayi kakuthawani nkubwereranso madzulo.

Mayi wake ndi kagulugufe kakang'ono kouluka usiku, akatswiri amakatchula Spoladea recurvalis. Katatambasula mapiko kamangopitirira pang'ono masentimita 2, mtundu wake ndi wa khofi woderako, ndipo kali ndi mizere yoyera yodutsa pa mapiko onse. Mwina munakaonapo kale osakalabadira, mukamayenda mu bedi la bondwe masana mumaona tinthu tikudzuka kuuluka pang'ono pokha nkukabisala pansi pa tsamba lina pafupi pomwepo, ndi kameneko. Kamapezeka m'maiko otentha pafupifupi onse, kuno ku Africa, ku Asia, ku Australia, ku America ndi zilumba za Pacific, ndipo Fabricius anakalemba m'mabuku a sayansi kale kwambiri mu 1775, ndiye si kachilendo ngati fall armyworm, mbozi ya chimanga ija imene inatipeza kumapeto kwa 2016. Kanalipo nthawi yonseyi, kungoti manje tikulima bondwe chaka chonse pothirira ndiye sikasowanso chakudya. A icipe, bungwe lofufuza za tizilombo ku Nairobi, achita kafukufuku wambiri pa kagulugufe kameneka chifukwa ku Kenya ndi ku Tanzania kali m'gulu la tizilombo towononga kwambiri bondwe.

Pa delele nkhani ndi yofanana koma mwini wake ndi wina, Haritalodes derogata, yemweyo amene amapinda masamba a thonje ndi a maluwa a hibiscus amene ambiri tinadzala ngati mpanda. Gulugufe wake ndi woyererako ngati chikasu chofuwa, ali ndi timizere ta khofi tokhotakhota. Mbozi yake ndi yobiriwira ya mutu wakuda, imadula tsamba mbali imodzi nkulikulunga ngati kapepala kamene amayi ogulitsa nsawa amakulunga pa msewu, nkumadya ili mkatimo. Pa kalembula naponso pamakhala timbozi topinda masamba ta mtundu wina, koma njira zolimbana nato ndi zomwezi zimene ndikufotokoze.

Chimene muyenera kutsimikiza apa ndi ulusi ndi tuzitosi. Ngati tsamba lapindika koma mulibe ulusi, mulibe tuzitosi, mulibe mbozi, imeneyo ndi nkhani ina. Yang'anani pansi pa tsamba, mwina ndi nsabwe za masamba zimene zaunjikana, mwina ndi matenda a vairasi, mwinanso nkusowa madzi chabe. Anthu amataya ndalama kupopera mankhwala a mbozi pa vuto limene si la mbozi.

Chachiwiri, mvetsani mmene kamayendera

Apa ndikhalapo pang'ono chifukwa zonse zotsatira zikuchokera apa. Gulugufe wamkazi amabwera usiku nkuikira mazira pansi pa tsamba, pafupi ndi mitsempha, limodzi limodzi kapena pang'ono pamalo amodzi, ndipo mmodzi yekha amatha kuikira mazira oposa 100 pa moyo wake. Mazirawo ndi aang'ono, ophwatalala, ovuta kuwaona. Kukatentha amaswa sabata isanathe. Timbozi tongoswa kumene sitipinda tsamba nthawi yomweyo, timayamba takanda kunsi kwa tsamba nkusiya khungu lapamwamba loonekera mkati, ndiye mukaona timawanga toyera toonekera pa masamba a bondwe dziwani kuti ayamba. Imeneyi ndiye nthawi yabwino kuposa zonse yochitapo kanthu chifukwa tikadali poyera. Pakapita masiku ochepa timayamba kuluka ulusi nkudzitsekera, ndipo kudya kwambiri kumachitika mbozi itakula. Pakatha pafupifupi masabata awiri mbozi ya pa bondwe imasintha mtundu kukhala yofiirira, imatsika pansi, imalowa m'dothi lapamwamba nkudzikuta ndi ulusi ndi tidothi, kenaka patatha sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono imatuluka ili gulugufe. Ya pa delele kawirikawiri siitsika, imagona mkati mwa tsamba lomwelo lokulunga mpaka kusanduka.

Zonsezi nyengo yotentha zimatha mkati mwa mwezi umodzi. Tsono onani, bondwe wathu timayamba kuzula kapena kudula patatha masabata anayi kapena asanu chifesereni, ndiye ngati mufesa bedi latsopano moyandikana ndi lakale limene ladzala mbozi, agulugufe otuluka m'dothi la bedi lakale akupeza chakudya chanthete pakhomo pomwepo. Mu June ndi July kukazizira zimachepa, moyo wake umayenda pang'onopang'ono, koma kukangoyamba kutentha mu September ndi October makamaka pamene mukuthirira, zimabwerera.

Chachitatu, manja

Ndikudziwa kuti ena aziona ngati zachikale koma pa dimba la kuseri kwa nyumba, mabedi atatu anayi, palibe njira yoposa iyi. Kawiri pa sabata, mmamawa, yendani bedi lonse ndi kabeseni kamene mwaikamo madzi ndi sopo pang'ono. Tsamba lililonse lopindika lithyoleni lonse nkuliponya m'madzimo, osayamba kulitsegula pamwamba pa bedi chifukwa mbozi igwa. Pa delele ngati tsamba ndi lalikulu ndipo simukufuna kulitaya, finyani pamene pakulungidwapo ndi zala mpaka mumve kuti mwaipha. Masamba othyolawo musawaponye m'mphepete mwa dimba, mbozi zimangoyenda kubwerera kapena kulowa m'dothi pomwepo. Asiyeni m'madzi a sopo kwa kanthawi kenaka muwakwirire mozama, kapena ngati muli ndi nkhuku musaike sopo, zipatseni zidye, zimazikonda kwambiri.

Ana a sukulu amaigwira bwino ntchito imeneyi, maso awo ndi akuthwa, mukangowaonetsa kamodzi basi. Koma ngati munapoperapo mankhwala posachedwa musawatume.

Ndipo thyolani ndiwo pafupipafupi. Bondwe amene akudulidwa sabata iliyonse sapatsa mbozi mpata wokula, mazira ambiri amachoka limodzi ndi masamba amene mwadula. Tsamba limene labooka pang'ono si loipa ayi, tsukani bwino ndi madzi a mchere pang'ono, phikani. Ku Soweto Market kapena pa ka msika ka mu komboni ogula amafuna masamba osalala opanda bowo, ndipo zimenezi ndi zimene zimakankhira alimi kupopera mpaka tsiku lothyola, ine pamenepa mtima umandiwawa chifukwa wogula yemweyo ndi amene akukadya mankhwalawo.

Chachinayi ndi udzu wozungulira dimba. Bondwe wa kuthengo, makamaka wa minga uja womera pa zinyalala ndi m'mbali mwa ngalande, ndi nyumba ya mbozi zimenezi pamene bedi lanu mulibe kanthu. Zulani onse ozungulira mpanda, ndipo lankhulani ndi a neba anu kuti nawonso azule, gulugufe sadziwa malire a plot. Kumbukiraninso kuti sipinachi imene timalima kuno ndi beetroot nazo zimadyedwa ndi mbozi yomweyi, ndiye kuchotsa bondwe nkuikapo sipinachi sikusinthanitsa mbewu ayi. Ikanipo anyezi, repu kapena kabichi, zimenezo zili ndi mavuto ake koma si chakudya cha mbozi iyi.

Chachisanu, bedi likatha

Apa ndi pamene ambiri timalekerera. Bondwe akakalamba nkuyamba kutulutsa maluwa timangomusiya kuti mwina tidzatenge mbewu, bedi lonse, miyezi iwiri, likungoweta mbozi. Ngati mukufuna mbewu siyani mitengo iwiri itatu yathanzi, muziiyang'anira, ina yonse zulani tsiku limodzi. Zinyalala zake ikani pakati pa mulu wa kompositi pamene pamatentha, osati pamwamba. Kenaka tipulani dothi lapamwamba ndi khasu, simukufunika kukumba mozama, nkulisiya padzuwa masiku angapo osathirira. Mbozi zimene zinagona m'dothi zimatulukira poyera, dzuwa, nyerere, mbalame ndi nkhuku zimamaliza ntchito. Bedi latsopano la bondwe likhale kutali ndi lakale mmene malo anu angalolere, ndipo ngati zinafika poipa kwambiri pumulani mwezi wathunthu osadzala bondwe olo sipinachi. Pa delele zulani mitengo yakale yonse ikasiya kubereka, ndipo yang'ananinso hibiscus wa pa mpanda.

Pofesa musathithikize. Bedi lothithikana masamba amagundana, mbozi siivutika kuwamata pamodzi, ndipo inu simuona chimene chikuchitika pansi. Patulirani zikangomera.

Ngati muli ndi kandalama, neti yotchinga tizilombo imathandiza kwambiri pa bondwe chifukwa sitikufuna njuchi kuti tipeze masamba. Pindani mawaya kapena timitengo pamwamba pa bedi, yalani neti tsiku lomwe mwafesa, m'mbali mukwirire ndi dothi kuti pasakhale mpata. Koma ikani pa dothi limene mwatipula ndi kuumitsa kale, apo ayi mwatsekera agulugufe mkati limodzi ndi ndiwo. Neti za udzudzu zimene timalandira ku kiliniki zisiyeni pa bedi logonapo, zili ndi mankhwala ndipo ntchito yake ndi kuteteza ana ku malungo. Pa delele neti imavuta chifukwa mitengo imatalika.

Chachisanu ndi chimodzi, ngati manja akulephera

Amene muli ndi dimba lalikulu, monga abale athu a ku Chongwe, Chilanga kapena Lusaka West olima zogulitsa, kuthyola ndi manja kokha sikukwana. Funsani kwa agro dealer mankhwala a Bt, dzina lonse ndi Bacillus thuringiensis, ndipo pa mbozi mtundu wake ndi kurstaki kapena aizawai, muone pa lebulo. Si poizoni wamba, ndi bakiteriya wa m'dothi amene amawononga m'mimba mwa mbozi ikamudya. Savulaza nkhuku kapena anthu mukatsata malangizo. Koma ali ndi malamulo ake ndipo anthu ambiri amamunena kuti sagwira chifukwa chosawatsata. Mbozi iyenera kudya tsamba lopoperedwa, ndiye poperani kunsi kwa masamba, mlomo wa sprayer uloze m'mwamba. Dzuwa limamupha msanga, ndiye poperani madzulo dzuwa litapendeka, zomwe zikugwirizananso ndi nthawi imene mbozi zimadya kwambiri. Amagwira bwino pa timbozi tating'ono, nthawi ija ya timawanga toyera, osati zitakula kale. Ndipo musayembekeze kuona mbozi zikugwa nthawi yomweyo, zimasiya kudya tsiku lomwelo koma kufa zimafa patatha masiku awiri kapena atatu. Mvula ikagwa usiku umenewo mubwereze. Sakanizani wokwanira tsiku limenelo, wotsala m'sprayer sagonekedwa. Musanapopere yambani mwathyola masamba opindika kale, kuti mankhwala agwire ntchito pa zimene zili poyera.

Nimu nayenso amathandiza, makamaka njere zake. Muyezo umene alangizi amaphunzitsa ndi magalamu 50 a njere zouma zosinja pa lita imodzi ya madzi, nyikani usiku wonse, sefani ndi nsalu yothina kuti sprayer isatseke, onjezani sopo pang'ono kuti amatirire pa tsamba, poperani madzulo. Nimu sapha nthawi yomweyo, amachititsa mbozi kusiya kudya ndi kulephera kufundula. Amawawa, ndiye lekani masiku angapo musanathyole ndipo tsukani bwino. Chenjezo lalikulu apa, mu Lusaka muli mitengo yambiri yofanana ndi nimu koma si nimu. Nimu weniweni maluwa ake ndi oyera, zipatso zake zotalikirako pang'ono. Winayo maluwa ake ndi a pepo, zipatso zozungulira zachikasu zimene zimakhala mu mtengo nthawi yaitali masamba atayoyoka, ndipo zipatso zimenezo ndi poizoni kwa ana ndi ziweto. Ngati simukutsimikiza musagwiritse ntchito pa ndiwo.

Tsabola ndi adyo anthu amazitama kwambiri, ine ndinganene kuti zimathandiza pang'ono pokha, mbozi imene ili kale mkati mwa tsamba sizikuifika. Madzi a fodya ayi ndithu, pa ndiwo zamasamba musayese, chikonga ndi poizoni woopsa olo chichokere ku chomera. Amene mukufuna kuphunzira bwino za ulimi wosadalira mankhwala, ku Kasisi Agricultural Training Centre akhala akuphunzitsa zimenezi kwa zaka zambiri, ndi pafupi pomwepa kupitirira bwalo la ndege.

Pali abwenzi athu ena m'dimba amene sitiwaona. Timavu ting'onoting'ono, tina mwa ito totchedwa Apanteles, timaikira mazira m'thupi mwa mbozi, ana ake nkuidya kuchokera mkati. Mukatsegula tsamba nkupeza mbozi yofota ndipo pambali pake pali kachikwa koyera kakang'ono kotalikirako, tsamba limenelo musaliponye m'madzi a sopo, lisiyeni pamthunzi m'dimba momwemo kuti kamavu katuluke. Akangaude, mavu akuluakulu omanga zisa pa denga, abuluzi ndi achule onse amadya mbozi. Mukapopera mankhwala opha chilichonse, amenewa ndi amene amayamba kufa chifukwa ali poyera, mbozi ili yobisala m'tsamba, ndiye patatha masabata atatu vuto limabwera lokulirapo kuposa poyamba.

Chomaliza, mankhwala a mu sitolo

Sindikunena kuti ndi oletsedwa. Pali nthawi imene munthu wa maekala watsala pang'ono kutaya zonse. Koma pa ndiwo zamasamba chinthu choyamba kuwerenga pa lebulo si mtengo, ndi masiku oyembekeza kuchokera tsiku lopopera kufika tsiku lothyola, pa lebulo amalemba PHI. Ngati akuti masiku 7, ndi masiku 7, olo wogula akuimbireni foni kangati. Ngati masikuwo ndi 14 kapena kuposa ndipo bondwe wanu mumadula sabata iliyonse, mankhwala amenewo si a mbewu imeneyi, asiyeni. Onaninso ngati lebulo ikutchula ndiwo zamasamba, mankhwala a thonje kapena a chimanga si kuti ndi a ndiwo chifukwa chakuti amapha mbozi. Mzere wa mtundu umene uli pansi pa botolo ukukuuzani kuopsa kwake, wofiira ndi woopsa kwambiri, kenaka wachikasu, wabuluu, wobiriwira ndiye wocheperako. Pa dimba la pakhomo pamene ana amasewera, wofiira asalowe nkomwe.

Osagula mankhwala othiridwa m'timabotolo ta madzi kapena ta zakumwa topanda lebulo, simukudziwa chili mkatimo, simukudziwa muyezo, ndipo mwana akhoza kumwa. Amene amayang'anira mankhwala a tizilombo m'dziko muno ndi a ZEMA, gulani kwa wogulitsa wovomerezeka, mu botolo lake lotseka. Mankhwala a dip ya ng'ombe, opopera mphemvu m'nyumba, kapena osungira chimanga m'matumba, onsewa sapita pa ndiwo. Popopera valani malaya a manja aatali, thalauza, magambuti, magulovu ndi chotchinga pakamwa ndi mphuno, mphepo ikhale kumbuyo kwanu, musasute kapena kudya muli pa ntchitoyo, mukamaliza sambani ndipo zovalazo muchape pazokha. Botolo likatha litsukeni katatu, madziwo muthire m'sprayer, libooleni kuti wina asalitole nkuikamo mchere kapena mafuta ophikira. M'makomboni ngati Kanyama ndi Chawama madzi apansi ali pafupi kwambiri ndipo ambiri amatunga pa zitsime zosazama, ndiye zotsala za mankhwala musathire pansi kapena mu ngalande. Ndipo musamabwereze mankhwala amodzi omwewo ulendo uliwonse, mbozi zimazolowera, funsani wogulitsa akupatseni a gulu lina osati dzina lina chabe, chifukwa mabotolo awiri a maina osiyana amatha kukhala ndi chinthu chimodzi mkati.

Ngati mwachita zonsezi koma masamba akupitirira kuwonongeka, kapena mbozi imene mwapeza siikufanana ndi zimene ndafotokoza, ikani masamba angapo ndi mbozi zake mu botolo lotseka, boolani timabowo pa chivundikiro, pitani nalo kwa camp officer wa zaulimi wa dera lanu, kapena ku ZARI, bungwe la boma lofufuza zaulimi, ku Mount Makulu ku Chilanga kumene kuli akatswiri a tizilombo ta mbewu. Jambulaninso pa foni tsamba lisanatsegulidwe ndiponso litatsegulidwa, ndipo muwauze mankhwala onse amene mwapoperapo kale ndi tsiku limene munapopera.